Ndege ya a Kayira ndi Sitolo ya Che Fahadi

Amuna anga, a Kayira, ataphunzitsa sayansi zaka makumi atatu, anapuma pa ntchito n'kuyamba kuulutsa ndege. Si yokwera anthu ayi. Mapiko ake ndi otalika ngati chitseko, ili ndi kainjini ka petulo kolira ngati makina odulira mitengo, ndipo amaiwongolera ali chilili pansi ndi kabokosi ka wailesi ka eriyo yaitali. Anawasiyira mzungu wina wa ku mgodi pobwerera kwawo. Anzathu ena, azungu amawasiyira filiji.

Ine ndine Emma, mayi a Khumbize, namwino pa chipatala chaching'ono kuno ku Wovwe. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndakhala kuno zaka makumi awiri ndi zisanu, theka la ana a m'dera lino anabadwira m'manja mwanga, koma mpaka lero ndine "amama a ku Ntcheu".

Pa za ndegeyo ndinaika lamulo limodzi lokha: injini isalire pakhomo panga. Ndikachokera ku ntchito ya usiku ndimafuna tulo. Choncho Lachisanu lililonse a Kayira ankayesa wailesi yawo mwakachetechete. Ankakhazika ndege pabwalo, n'kupinda eriyo, n'kuyenda cham'mbuyo mapazi makumi asanu mpaka pa mtengo wa mango, uku akugwedeza timitengo ta pa kabokosi. Mchira unkamvera, kumanja, kumanzere, ngati mwana wa sitandade wani. "Ili bwino," ankatero, osafunsidwa ndi munthu.

Alimi a pa sikimu anawalonjeza kuti ndegeyo izithamangitsa mpheta m'minda ya mpunga. Mpheta zinaiyang'ana tsiku loyamba, tsiku lachiwiri n'kupitiriza kudya. Komabe Loweruka lililonse anthu ankadzaza bwalo la mpira kudzaonera.

M'mwezi wa Malichi munathyoka kamtengo ka pulasitiki kamene kamakoka kachitsulo ka pa kabuleta powonjezera moto. A Kayira anaikapo sipoko ya njinga, ataipinda bwinobwino ndi pulayala. "Mzungu sadziwa dzuwa la ku Karonga," anatero. "Chitsulo ndi chitsulo." Anayenda mapazi awo makumi asanu, mchira n'kumvera.

Kumapeto kwa bwalo la mpira kuli mitengo yaitali, ndipo kuseri kwa mitengoyo, m'mbali mwa msewu, kuli sitolo ya Che Fahadi, munthu wa ku Mangochi. Ndege ikafika kumeneko imafunika moto wonse kuti ikwere pamwamba pa mitengo. Loweruka limenelo, itangofika pamwamba pa sitolo, inanjenjemera, n'kugwetsa mphuno, n'kudzukanso. Loweruka lotsatira chimodzimodzi. Loweruka lachitatu inatsala pang'ono kupala malata.

Brighton, wa kabaza amene amadziwa chilichonse kupatula kukhala chete, ndiye anayamba, akuitana a Kayira monga anthu a kuno amaitanira mphunzitsi. "Asambizgi, mwawona? Kulikonse ikuyenda makora, bwinobwino. Pa Mchawa paja pokhapokha!"

"Ndege yanga ilibe vuto," anayankha a Kayira. "Ndaiyesa kunyumba."

Sananene china, koma anthu sanafunenso china. Ngati ndege ilibe vuto, ndiye kuti vuto lili pansi pake. Pofika Lachiwiri nkhani inali itamera miyendo. Akuti sitolo singayende chonchija popanda kukhwima. Akuti pansi pa chitseko anakwirirapo zinthu, ndipo zinthuzo sizifuna kuonedwa kuchokera kumwamba. Anthu amene kwa zaka zambiri ankagula mchere, zitenje za ku Songwe ndi machubu a njinga kwa Che Fahadi anayamba kulambalala sitoloyo. Ndinaonanso kuti asiya kuwatchula dzina, akungowatchula mtundu. Ine wobwera ndimadziwa tanthauzo lake.

Lachinayi kunabwera Mariamu, mkazi wa Che Fahadi, kudzayezetsa kuthamanga kwa magazi. Makina anaonetsa manambala amene sindinawakonde.

"Mukudya mchere wambiri?" ndinafunsa.

"Mchere ulipo wambiri, anesi, palibe akugula," anatero. Kenako anatsitsa mawu. "Miyala yayamba kugwa padenga. Dzulo wina anafunsa ngati malata amapsa. Bambo apeza lole, ibwera Lolemba linalo. Tayamba kumanga katundu." Anakonza mpango kumutu. "Salma wathu tinamuika kuno. Manda sakwera lole."

Mwanayo ndinamudziwa. Anabadwira m'manja mwanga, n'kumwalira ndi malungo ali ndi zaka zinayi. Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo anasanduka mkwiyo ndisanafike kunyumba.

A Kayira ndinawapeza akupukuta mapiko ndi kansalu.

"Lizani injini," ndinatero.

"Pakhomo pano?"

"Pomwe pano. Wodwala sitimuyeza atagona tulo n'kunena kuti sakutsokomola. Lizani, muyende mapazi anu aja."

Tinamanga mchira ku mtengo ndi chingwe cha mbuzi. Injini inalira, nkhuku zonse n'kusamukira kwa aneba. A Kayira anawonjezera moto n'kuyamba kubwerera cham'mbuyo akuwerenga. Pa phazi la khumi ndi chiwiri mchira unayamba kunjenjemera wokha ngati munthu wa malungo, zala zawo zisakugwira kanthu. Sitolo ya Che Fahadi inali kutali, mtunda wa theka la ola. Anazimitsa injini, n'kukhala pa njerwa.

"Lamulo lija munaika ndinu," anatero patapita nthawi.

"Inde. Koma wasayansi ndinu."

Tinagawana mlanduwo pakati ngati chinangwa, n'kuyamba kufufuza. Iwo ankafuna kusintha zonse nthawi imodzi, ine n'kukana, chifukwa ukapatsa wodwala mankhwala asanu akachira sudziwa amene amuchiritsa. Tinayamba ndi mabatire. Atsopano, mapazi khumi ndi awiri omwewo. Anamanga chisoti cha pulagi kuti chisagwedere. Palibe chinasintha. Lachisanu anasunthira kumbuyo kabokosi ka m'ndege kolandira mawu a wailesi, kutali ndi injini, n'kukakulunga m'siponji yanga yotsukira mbale. Anawongolanso kawaya ka eriyo kamene kanadzipinda m'kati. Tinafika mapazi khumi ndi asanu ndi limodzi. Loweruka limenelo sanapite ku bwalo, ndipo Brighton anauza anthu kuti aphunzitsi aopsezedwa.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lachiwiri, injini itazima koma wailesi ili yoyatsa, a Kayira ankafuna kumanga kasikuluwu pafupi ndi kabuleta. Sikuludiraiva inaterereka n'kukhula pa sipoko ija. Mchira unadumpha. Anakhulanso dala, mchira n'kudumphanso. Tinawerama tonse awiri. Pamene sipoko inakola kachitsulo ka kabuleta panali patanyezimira chifukwa chokhulana, pali ndi kafumbi kakuda.

"Chitsulo ndi chitsulo," ndinawakumbutsa.

Anachotsa sipoko ija. Anasema kamtengo ka nsungwi, kumapeto kwake n'kumangirirako kachubu ka bolopeni kuti pakhale pulasitiki pokhudzana ndi kabuleta. Analiza injini moto wonse n'kuyenda mapazi makumi asanu, kenako makumi asanu ndi limodzi, mpaka anagwera m'mizere ya mbatata. Mchira unali phee.

Loweruka anthu anadzaza bwalo kuposa kale. Che Fahadi sanabwere. Anali atangotsegula chitseko chimodzi cha sitolo. Ndege inanyamuka, n'kukwera pamwamba pa mitengo, n'kudutsa pa sitolo katatu osagwedera. Itatera, a Kayira anakweza sipoko m'mwamba n'kuphunzitsa monga ankachitira m'kalasi. Anati zitsulo ziwiri zikamakhulana injini ikugwedeza, zimapanga phokoso m'wailesi, longa lija limamveka kukamachita mphenzi. Ndege ikakhala pafupi, mawu a kabokosi amaposa phokosolo. Ikapita kutali, moto uli wonse, phokoso limapambana. Sitoloyo inangokhala kumapeto kwa bwalo basi.

Anthu anamvetsera mwaulemu monga ankachitiranso ana asukulu.

"Yayi, asambizgi," anatero Brighton. "Munthu uja wawona kuti tamudziwa. Wachita mantha, waimasula. Ndiye umboni wake umenewu!"

Mitu inagwedezeka kuvomereza, yambiri ndithu. Wina kumbuyo anati munthu wotha kumanga ndi kumasula ndege asagonenso m'mudzi muno. Tinakonza ndege, koma tinawaonjezera Che Fahadi mlandu.

A Kayira anandiyang'ana, kenako anayang'ana ndege yawo. Anagwada, n'kuchotsa nsungwi ija, n'kubwezeretsa sipoko. Anapempha amuna awiri kuti agwire ndege, n'kubwerera cham'mbuyo, n'kuonetsa anthu mmene mchira ukunjenjemerera injini ikulira.

"Pansi ni pansi," anatero Brighton. "Ndege nja m'mwamba."

"Chabwino. Sankhani kumene ipite. Kusakhale nyumba, kusakhale munthu."

Brighton analoza kum'mawa, ku minda ya mpunga, sitolo ili kumbuyo kwathu. Kunalibe nyumba, kunalibe manda, kunalibe wobwera aliyense woti n'kumuloza chala.

"Ikafika pa ngalande yaikulu ndiika moto wonse," anatero a Kayira. "Mtunda wake ndi womwewo. Nonse imani kumbuyo kwanga."

Ndinawayandikira. "Mukudziwa kuti mwina siibwerera?"

"Mayi a Khumbize, gwirani chipewa changa."

Ndegeyo ankaikonda kuposa mmene amanenera. Chipumireni pa ntchito, ndiyo inkawadzutsa m'mamawa.

Inanyamuka bwinobwino. Inadutsa mzere wa nthochi, n'kuchepa, n'kuchepa. Pa ngalande yaikulu injini inakweza mawu. Ndege inagwetsa mphuno monga inkachitira pa sitolo, n'kudzuka, n'kupendekeka. A Kayira akanatha kuchepetsa moto n'kuibweza. Sanatero. Anasiya chala pomwepo mpaka aliyense ataona. Inatembenuzika chagada n'kulunjika pansi, ndipo phokoso la injini linatha mwadzidzidzi m'matope.

Mpheta zonse za m'mindamo zinauluka nthawi imodzi. Aka kanali koyamba ndegeyo kugwira ntchito imene a Kayira analonjeza.

Brighton anavula kapusi n'kudzikanda m'mutu. "Kasi ni sipoko nadi," anatero chapansipansi, kuvomereza kuti vuto linalidi sipoko.

A Kayira anavula nsapato n'kulowa m'munda okha. Anatuluka matope mpaka m'mawondo, atanyamula phiko lothyoka patatu ndi injini yodontha madzi akuda. Ndinawamvera chisoni kwambiri, ndipo ndinawanyadira, ngakhale sindinawauze, poopa kuti angazolowere.

Sanapite kunyumba. Analunjika ku msewu, ine pambuyo ndi chipewa chawo, anthu pambuyo panga. M'sitolo mashelefu anali opanda kanthu, makatoni omangidwa ndi zingwe ataunjikidwa pakona. Che Fahadi anaima kuseri kwa kauntala, Mariamu pambali pawo, maso ali pa gulu la anthu pakhomo.

"Che Fahadi, ndakulakwirani," anatero a Kayira mokweza kuti a panja amve. "Vuto linali m'ndege yanga, ine n'kukana. Nachi chimene chimakusowetsani tulo." Anaika sipoko yamatope pa kauntala.

Che Fahadi anaitola, n'kuipukuta ndi chala, n'kuiyang'anitsitsa. Anawerama n'kunong'ona, moti tinamva ife atatu tokha.

"Aphunzitsi, sipoko iyi munagula muno. Mwezi wa Malichi."

"Ndikukumbuka."

"Musawauze."

"Sindiwauza. Tipatseni shuga paketi imodzi."

Shuga anali atamangidwa kale m'katoni ya pansi penipeni. Mariamu anachotsa makatoni awiri a pamwamba, n'kugwada, n'kulimbana ndi mfundo mpaka inamasuka. Anandipatsa paketi ndi manja awiri. Kumbuyo kwanga Brighton anatsokomola, n'kufunsa ngati guluu womatira chubu alipo. Mariamu anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakoleka chingwe chija pa msomali n'kuyamba kumasula katoni yachiwiri.