Ndodo Zokhotera Kumanzere

Kwathu kuno aliyense amene anatererapo pa ayezi amadziwa kuti mnyamata akaitanidwa kuchoka ku timu yaing'ono kupita ku ligi yaikulu ya hoke, masewera omenya kampira ndi ndodo pa ayezi, sayamba wavina ayi. Amakamuika mu hotela. Bola ngati ukugona mu hotela ndiwe mlendo basi, ngakhale a pa wailesi akutame chotani. Tsiku limene bwana wa timu adzakuitane n'kukuuza kuti, "Kasake nyumba," pamenepo ndiye wakhazikika. Akapanda kutero, m'mawa wina umangopeza chikwama chako chili pakhomo, ndodo zako atazimanga mtolo ndi tepi, ndipo sipafunikanso wina wokumasulira.

Emmett Prokopiw ankazidziwa bwino zimenezi. N'chifukwa chake chifikireni mumzinda wa timu yaikulu imene inamuitana sanatulutse ngakhale sokosi imodzi kuti aike mu kabati ya mu hotela. Ankavalira m'sutikesi, akachapitsa n'kubwezeranso momwemo. Anali mwana wa pa famu ya tirigu kufupi ndi tauni ya Wadena, wotchinga kumbuyo, wamtali ngati mlongoti, ndipo ankamenyera kampira kumanja, chinthu chimene matimu amachisaka chifukwa otchinga ambiri amamenyera kumanzere. Anamuitana pamene Ilkka, wotchinga wa ku Finland, anavulala bondo.

M'chipinda chovalira wosewera aliyense anali ndi malo akeake, benchi ndi kabati, dzina losindikizidwa bwino pamwamba. Emmett yekha anali ndi kampando kopinda pafupi ndi chitseko, dzina lake atalilemba pa kachidutswa ka tepi n'kumata kukhoma. Aliyense wolowa ankamuponda zala.

Koma zimenezi sizinamutseke pakamwa. Abale, mnyamata ameneyu ankalongolola! Pa benchi, m'basi, pa ayezi, iye ndi nkhani. Pa ntchito yotchinga kumbuyo anamuphatikiza ndi Rejean Bellerose, mkulu amene anzake ankamutcha Rosie, wopanda mano akutsogolo, wa maondo odandaula m'mawa uliwonse. Kampira kakapita kukona Rosie n'kukathamangira, Emmett ankakuwa kumbuyo kwake: "Wina ali pamsana panu! Kumanzere! Ayi, muli nokha, musapupulume!"

"Mwana iwe," Rosie ankatero akafika pa benchi akupumira m'mwamba, "kodi pakamwa pakopo anaikapo batire?"

"Pepani, akulu."

"Ndi zopepesa zakozonso usiye. Dzana unapepesa chitseko utachigunda, ndinakumva ine."

Winanso amene sankamupatsa mtendere anali Duncan Veitch, wotchinganso kumbuyo, amene m'chipinda chovalira ankakhala moyandikana ndi Rosie, ndevu zitayamba kale imvi. Awiriwo anasewera limodzi zaka zambirimbiri, ana awo ankaphunzira sukulu imodzi. Veitch ndi amene ankakumbutsa Emmett kuti kutolera timipira masewera oyeserera akatha ndi ntchito ya mlendo, koma ndi yemweyonso amene ankamusungira malo pa tebulo la chakudya.

Bambo ake a Emmett, a Orest, ankaimba foni kawirikawiri, ndipo nkhani yawo inali imodzimodzi.

"Nanga galimoto yako ija ndikubweretsere? Yangokhala m'shedimu. Sinowo, chipale chofewa chija, ikayamba kugwa mwamphamvu msewu uvuta."

"Dikirani kaye, adadi. Sanandiuze chilichonse."

"Amayi ako akuti firiji yadzaza ndi maperogi, timikate timene umakonda tija. Akungopangabe, ine ndalephera kuwaletsa."

"Auzeni adikire. Mwina sabata yamawa ndikhala nditabwerera ku timu yaing'ono, mudzavutika pachabe."

A Orest sankatsutsa. Ankangoti chabwino, n'kuyamba kukamba za mtengo wa tirigu.

Ndiye Ilkka uja anachira. Anayamba kuterera ndi anzake, bondo lili bwinobwino, ndipo ngakhale mwana wa sukulu akanatha kuona kuti otchinga kumbuyo achuluka, mmodzi ayenera kuchoka. Emmett anamuyamikira Ilkka, anamugwira chanza, koma ankadziwa kuti wochokayo akhoza kukhala iyeyo.

Lamulungu masana kunali masewera. Nthawi itatsala pang'ono kutha, zigoli zili zofanana, mdani wina wodziwika ndi dzanja lamphamvu anakweza ndodo kuti amenye. Emmett anachita zimene wotchinga amayenera kuchita, anagwada patsogolo pake kuti kampira kamumenye iyeyo. Kanamumenyadi, koma m'mphepete mwa mwendo, n'kukhota, n'kudutsa pamwamba pa phewa la goloboyi wake yemwe. Bwalo lonse linabuula. Mayo! Akanakonda ayeziyo atang'ambika kuti amire momwemo.

Kochi anamubwezamonso. Mdani yemwe uja anapezanso mpata, anakweza ndodo, ndipo Emmett, osaganizanso, anadziponya pomwe paja. Ulendo uno kanamupeza pa kakolo. Anafika pa benchi akutsimphina, misozi ya ululu ikulengeza. Komabe timu yake inagonja ndi chigoli chodzigoletsa chija.

M'chipinda chovalira anakhala pa kampando kake ali zii. Rosie anamudutsa atakulunga thaulo m'chiuno.

"Bwanji, batire latha?"

Emmett anangopitiriza kumasula zingwe za nsapato zake. Foni ya bambo ake itaitana madzulo amenewo, anangoiyang'ana mpaka inasiya yokha.

Lolemba m'mawa anafika ku bwalo kakolo atatupa. Atangotsegula chitseko cha chipinda chovalira, mtima unagwa. Kampando kake kanali katapindidwa n'kutsamiritsidwa kukhoma. Katepi ka dzina lake kanali katamatulidwa. Pamalo pomwepo panali chikwama chachikulu cha timu chotsekedwa kale, ndipo pamwamba pake panagona mtolo wa ndodo womangidwa ndi tepi. M'chipindamo munali anthu, koma wailesi imene inkasokosa m'mawa uliwonse inali yozima. Rosie anali atazolika, akuyang'ana pansi.

Wendell, mkulu wosamalira zida, anatulukira atanyamula nsapato zotererera pa ayezi zoti akanole zitsulo zake zakunsi.

"Prokopiw, abwana akukufuna kumwamba."

Basi, zatha. Emmett anali atadziuza kalekale kuti tsiku limeneli likadzafika sadzazemba ngati mbava, adzatsanzika mwaulemu monga anamulerera. Anakoleka chikwama paphewa, n'kukwapatira mtolo wa ndodo uja, n'kuima pakati pa chipinda. Ngakhale mutu unali utaima, anakumbukira kulambalala chizindikiro cha timu cholukidwa pa kapeti, chifukwa chimenecho sichipondedwa ngakhale ukuchotsedwa ntchito.

"Amwene, ndimvereni pang'ono," anatero.

Onse anadzutsa mitu. Anayang'ana Emmett, anayang'ana katundu amene ananyamula, kenako anayang'anana.

Apa batire linayakanso. Anathokoza kaputeni, anathokoza Wendell chifukwa chonola nsapato zake momwe amakondera, anapepesa goloboyi chifukwa cha chigoli cha dzulo. Ananena kuti chiyambire ali mwana, akuterera pa dziwe la madzi oundana kuseri kwa nkhokwe za bambo ake, ankalota chipinda ngati chimenechi, ndipo ngakhale atapanda kudzabwereranso sadzaiwala. Kaputeni anabisa nkhope mu thaulo, mapewa akugwedezeka. Emmett ataona zimenezo anaganiza kuti akulira. Sankadziwa kuti munthuyo amamukonda chonchi.

Inu mukuganiza kuti panapezeka ngakhale mmodzi womuimitsa? Simukuwadziwa osewera hoke. Anthu amenewa angakulandirire kampira kumaso, koma nthabwala ikadziyambira yokha saidula pakati.

Anamaliza ndi Rosie. "Akulu, mwandiphunzitsa zambiri. Pepani kuti ndinakusokosani."

Rosie anamugwira chanza, nkhope ili gwa, mlomo wokha ukunjenjemera. "Uyende bwino, mphwanga. Katunduyo umugwiritse, ngwa mtengo wapatali."

Anakwera masitepe akutsimphina, chikwama chikugunda khoma. A Haugland, bwana wa timu, anali pa desiki, kapu ya khofi m'manja. Anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako maso awo anaima pa mtolo uja.

"Prokopiw, kodi wayamba liti kumenyera kumanzere?"

"Bwana?"

"Ndodo zanyamulazo. Taziyang'ana."

Emmett anaweramitsa mutu. Nsonga za ndodozo zinali zokhotera kwina, osati mbali yake. Munthu amene wagwira ndodo chiyambire kuyenda, osaona zimenezi! Anatembenuza imodzi, ndipo pa mpini panalembedwa dzina lalikulu bwino: VEITCH. Anangoti kakasi, kukamwa yasa.

"Khala pansi usanagwe," anatero a Haugland. "Veitch akupita ku timu ina kum'mawa. Kumeneko akumufuna, azikasewera kwambiri kuposa kuno. Tinamuuza dzulo madzulo. Kampando kako takachotsa chifukwa munthu sakhalira mipando iwiri."

"Koma chigoli cha dzulo chija..."

"Wotchinga amene sanadzigoletsepo ndiye kuti satchinga. Ine sindinayang'ane chimenecho. Ndinkafuna kuona kuti akakubwezamo uchita chiyani. Ambiri zikawachitikira amayamba kukazinda kampira. Iwe unagonanso pomwe paja." Anamwa khofi. "Kakolo kali bwanji?"

"Kali bwino, bwana."

"Bodza, koma chabwino. Tuluka mu hotela muja. Kasake nyumba."

Mawu amene anawayembekezera chifikireni aja anamveka wamba, ngati munthu akupempha mchere. Mpweya umene Emmett anausunga m'chifuwa masabata onsewo unatuluka kamodzi, ndipo anayamba kuseka, misozi ikutsika, osatha kusiya.

"Pepani, bwana."

"Kapepese mwini chikwama. Ndege sidikira."

Asanafike n'komwe pansi anamva mawu a Veitch akukuwa: "Ndangopita kukatsanzika kwa adokotala, ndani waba katundu wanga?" Emmett atalowa, chipinda chonse chinaphulika. Kaputeni anali atagona pa benchi atagwira m'mimba. Goloboyi anaimirira n'kuika dzanja pamtima, akumuyeseza: "Sindidzaiwala, amwene, sindidzaiwala!" Emmett makutu anamutentha, koma manyazi amenewa anali okoma, akanatha kuwasenza chaka chonse.

Atayang'ana pafupi ndi Rosie anaona jezi yake itapachikidwa, nsapato zake zili pansi pa benchi, pamwamba dzina lake losindikizidwa. Zinali pomwepo nthawi yonse imene ankatsanzika ija. Kuseka kunamuthera atazindikira kuti malowo anali a yani.

"A Veitch, ine sindinkadziwa. Pepani kwambiri."

"Usapepese, iwe. Ukuganiza kuti ine malo amenewo ndinawapeza opanda munthu?" Veitch anamumenya paphewa. "Wanyamula kale, kafikitse ku galimoto. Ukadali mlendo mpaka ine nditatuluka pa geti."

Panja kunali mphepo yoluma makutu. Ataika chikwama m'galimoto, Veitch anayang'ana kukhomo, kumene Rosie anaima manja ali m'thumba, ndipo anatsitsa mawu.

"Mdala uja khosi lake silitembenukiranso kumanzere. Sangavomere ngakhale umuike mpeni pakhosi. Zokuwa zako zija ndi zimene zikumupulumutsa. Akakutukwana, iwe uzingolongololabe."

Rosie anabwera, awiriwo anakumbatirana mwachidule, akutukwanizana monga mwa nthawi zonse. Galimoto itachoka, Rosie anaima nthawi yaitali akuyang'ana msewu, maso atafiira. Emmett, kwa nthawi yoyamba m'moyo wake, anadziwa kuti apa ndi pofunika kukhala chete.

"Mphepo iyi," Rosie anatero, akupukuta m'maso. "Tamvera. Nyumba za mumzinda muno usavutike nazo, ungakafe ndi njala iwe. Kwathu kuli chipinda chapansi chopanda munthu. Akazi anga anakonza kale bedi. Koma sinowo ya pakhomo uzichotsa ndiwe, ndipo pa tebulo langa munthu amadya, salalikira."

"Zikomo, akulu. Ine ndi..."

"Wayambapo kale."

Masana anapita ku hotela kukatenga katundu. Panalibe cholongedza. Anangotseka zipi ya sutikesi, n'kukhala pa bedi, n'kuimba foni kumudzi. A Orest anayankha isanaitane kawiri.

"Dzulo sunayankhe," anatero mosamala, ngati munthu woponda pa ayezi wopyapyala. "Tinaonera masewera aja. Amayi ako akuti zimachitika."

"Adadi, ibweretseni galimoto ija."

Emmett ankangomva wailesi ya kukhitchini chapatali, ndi galu akukanda chitseko.

"Akuuza?"

"Andiuza. Koma mwina siilira, yakhalitsa m'shedimo. Muyambe mwaona batire."

A Orest anakhosomola, kenako anakhosomolanso, ndipo mawu awo atabwerera anali osasa.

"Ilira, mwana wanga. Ndakhala ndikuiliza m'mawa uliwonse chichokere iwe."