Kabokosi Kamene Kankamva

Goliati wa ku Mtendere anali munthu wosamva. Ugonthi ayi, liuma basi. Mkazi wake Ketty anatopa nazo ntchito zake zosaoneka mutu, ndipo anamuuza poyera kuti mazira amene mwamunayo anaika m'makina ofungatira akapanda kuswa, iye abwerera kwa amayi ake ku Chazanga. Goliati ankamukonda mkaziyo, kungoti pakamwa pankalemera.

Magetsi ankathimathima, ndiye makinawo ankayendera sola. Pakati pa sola ndi mazira panali kabokosi kowongolera mphamvu ya magetsi. Kanali ndi kawaya kamene Goliati ankati khutu, komvetsera magetsi otuluka: akachepa kabokosi kankawonjezera, akachuluka kankachepetsa, mazira nkumangofunda bwinobwino.

Tsoka ilo, khoswe anadula khutulo. Ketty anati aitane wodziwa. Goliati anangotsonya, nkulumikizapo waya wa maikolofoni yakale. Basitu, kabokosi kanasiya kumvetsera magetsi nkuyamba kumvetsera anthu. Ketty akadandaula kuti mchere wachepa m'ndiwo, mazira ankatentha. Goliati akati zolankhula zachuluka, ankazizira ngati mwala. Akakangana, singano yoyeza kutentha inkangovina uku ndi uku. Goliati anachita mantha zedi, nkulamula kuti m'nyumbamo azingokodolana.

Ketty anamukumbutsa monong'ona kuti kuseri kwa khoma kuli tchalitchi, ndi bwino asunthe makinawo Lamlungu lisanafike. Goliati anayankha ndi manja kuti iye si mwana woti aziuzidwa zochita.

Lamlungu m'mawa abusa anayatsa sipika nkuyamba kufuula kuti moto wachepa, Ambuye onjezerani moto, mpingo wonse nkumavomera. Kabokosi, mwaulemu wake, kanawonjezera. Goliati anakuwa kuti zachuluka mpaka mawu anasasa, koma munthu mmodzi angapose sipika? Pomwe mpingo unkati ameni, nyumba yonse inali kununkhira mazira ophika.

Ketty sanakalipe. Anamanga zovala zake m'chitenje, kenako anamasula kabokosi kaja nkukaika pamwamba pa mtolo. Goliati anafunsa kuti nanga kachinthu kowonongekako akatani nako ku Chazanga.

"Ba Goliati," anatero Ketty ataima pakhomo, "zaka zonse izi, m'nyumba muno ni aka chabe kananimverako."