Kapinga wa pa Dzenje Lomaliza

Apwitikizi a pa esiteti ya tiyi ku Milange atapakira masutikesi chaka cha ufulu chija, anasiya agalu awiri, piyano yosalira ndi a Januário. Mkuluyu anasamala bwalo la gofu zaka makumi awiri ndi ziwiri, koma mpira sanaumenyepo n'kamodzi komwe. Yawo ntchito inali kapinga, makamaka uja wometedwa bwino wozungulira dzenje lililonse.

Akazi awo, a Palmira, anawoloka malire kupita ku Muloza, ati kukagula sopo. Ayenera kuti anali sopo wovuta kupeza, chifukwa dzinja linapita, lina n'kubwera, mayi osaoneka.

Maenje asanu ndi atatu anamera tchire. A Januário anatsala ndi lomaliza lokha. M'mawa uliwonse ankasesa mame ndi nsungwi yaitali, kenako n'kugwada ndi foloko ya kukhitchini kukonza tizibowo. Kale tizibowoto unkasiya ndi mpira ukagwa kuchokera m'mwamba, tsopano zinkasiya ndi mbuzi. Kakonzedwe kake sikanasinthe: osatukula dothi kuchokera pansi, umadula mizu. Umabaya m'mphepete, kukankhira kapinga pakati, n'kupondapo pang'ono. Zimenezi ankafotokozera mbuzi zomwezo, poti womvera wina panalibe.

Tsiku lina kunabwera Basílio, mlembi wa komiti ya mudzi, yemwe kale ankasenza zikwama za ndodo za azungu pabwalo lomwelo.

"Madala, povo yagwirizana, mudzi wonse. Lolemba makasu alowa. Bwalo lonseli likhala munda wa tonse."

"Lonse, kamarada?"

"Kapinga mumadya?"

A Januário anayang'ana pansi. Majombo a mlembiyo anali ataima kunja kwenikweni kwa kapinga wometa uja, ngati pali mpanda.

"Nanga waimiranji kunja ngati wobwera kudzafunsira mbeta? Lowa."

"Ndangoima ine," anatero Basílio, koma sanalowe.

Apo mkuluyo anaona kuti mpata ulipo. "Tamvera, mwana wa a Henrique. Misonkhano mumachitira pamsika, pafumbi, alendo a kuboma n'kumatsokomola. Apa ndi posalala ngati tebulo. Dzenje la mbendera lilipo kale, anakukumbirani atsamunda. Limani konseko, apa musiye."

Basílio anakanda chibwano, n'kunena kuti maganizo amenewo iyenso anali nawo kale. Lolemba makasu analambalala.

Loweruka kunasonkhana anthu ngati mazana atatu. A Januário anavala jekete, n'kuima kutsogolo msonkhano usanayambe.

"Makamarada, pamalo ano pali mwambo wake. Sitikoka mapazi. Sitithamanga. Ukaboola, umakonza pako, n'kukonzanso pena pomwe mnzako waiwala."

Mayi Lucrécia, mtsogoleri wa amayi, anagwira m'chiuno. "Madala, moyo wonse tinkalambalala bwalo lino kuopa agalu a bwana. Lero ndi lathu, mukuti tiziyenda chonyang'ama ngati mphaka?"

Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa. Analowetsa mabenchi, ndi tebulo la miyendo yachitsulo. Mtengo wa mbendera unali bulugamu wathunthu, pomwe dzenje la gofu ndi ngati kapu ya tiyi. Anyamata analikuza ndi khasu. Basílio akati "Viva!" mapazi mazana asanu ndi limodzi ankayankha pansi. Kenako ng'oma.

Onse atapita, a Januário anavula jekete n'kugwada. Sanadziwe poyambira. Anayamba pomwe bondo linagwera, kubaya, kukankha, kuponda. Pofika Lachisanu anali atakonza malo okwana mphasa ziwiri. Loweruka povo inabweranso, poti malowo inawakonda zedi.

Msonkhano wachinayi utatha, panalibenso chokankhira pakati. Mizu inali panja, youma ngati ndevu za chimanga. Anabaya foloko, dothi n'kukana.

Basílio anawapeza ali chogwada. Ulendo uno analowa ndi majombo mpaka pakati.

"Madala, munatipatsa nzeru. Palimba bwino tsopano, ngati simenti. Amayi akuti povina sipaterera."

"Ndaona."

"Komiti ikuthokoza."

A Januário anadzuka pang'onopang'ono, n'kusasa fumbi m'mawondo. "Khasu lotsala lilipo?"

Kumunda wa tonse anawapatsa mzere wakumapeto, kufupi ndi tchire, chifukwa ankachedwetsa anzawo. Ena ankaimba chapatsogolo uko, atatha mizere itatu, iwo akadali pa woyamba. Mayi Lucrécia podutsa ndi ndowa ya madzi anaima, n'kupukusa mutu.

"Madala, uwu ndi mzere wa chimanga. Sitisalaza ndi manja."

"Ndamva, mayi."

Anadikira mayiyo afike patali, n'kuweramanso kumaliza mbali inayo.