Ankhoswe ndi Mfuti ya Chawanangwa

Kabati yachitsulo yosungiramo mfuti inali itamangidwa kale kukhoma ndi mabawuti, kuseri kwa zovala m'chipinda chapamwamba, koma Chawanangwa anakweranso masitepe kukaigwedeza. Sinasunthe. Anatsika, n'kusuzumira pawindo kuona ngati wapolisi watulukira mumsewu wawo wa ku Wigston, kenako anayamba kupukuta tebulo limene mkazi wake Regina anali atangopukuta kumene.

"Bambo a Dylan, khalani pansi. Mukundichititsa chizungulire," anatero Regina.

Akanakhala bwanji pansi munthu wogwidwa ndi matenda a mfuti? Anamupatsira ndi Haroon, mnzake wa kuntchito ku Loughborough, amene Loweruka lina anamutengera kumunda kumene anthu amawombera timbale tadothi touluzidwa ndi makina. Chawanangwa anaphonya mpaka phewa kuwawa, kenako kamodzi kanaphulika m'mwamba n'kusanduka fumbi. Basi, munthu anathera pomwepo. Pachakudya nkhani inali mfuti, potuluka m'tchalitchi mfuti, ndipo mwana wawo Dylan ankathawira kuchipinda akangoona bambo ake atsinzina diso limodzi n'kulozetsa tsache kudenga.

Anali ataipeza kale yake m'sitolo ina kufupi ndi Melton Mowbray: ya mipope iwiri yosanjikizana, yogwirapo ntchito kale, koma mtengo wake woti ukautchula kumudzi anthu akhoza kukuitanira abusa. Popeza iye ndi wamanzere, mmisiri wa m'sitolomo anamuyeza mkono ndi tsaya, n'kupinda pang'ono thabwa logunda paphewa, n'kulitalikitsa ndi labala. Mfutiyo tsopano sikanakwana munthu wina aliyense. Koma inali ikadali m'sitolo, pakuti kuno sutuluka nayo pakhomo wopanda laisensi, ndipo laisensiyo siibwera ndi kumwetulira. Dokotala wako anenepo mawu, apolisi adzaone nyumba, komanso pakhale mboni zokudziwa bwino zimene si abale ako.

Mboni yoyamba inali Haroon. Pa yachiwiri Chawanangwa sanaganize kawiri. Ndani ankamudziwa kuposa Bambo Mwila, mkulu wampingo wochokera ku Zambia, amene anavomera kukhala nkhoswe ya banja lawo popeza amalume onse anali kutali? Munthu waulemu wake, wa tayi ngakhale popita kukagula mkaka. Chawanangwa anadziyamikira yekha nzeru.

Foni inalira ali ndi kansalu kopukutira m'manja. Anali Bambo Mwila, mawu ali odzaza chimwemwe.

"Mwana wanga, osada nkhawa! Ba police banitumila phone dzulo. Ninabauza vonse."

"Zonse ziti, bambo?"

"Banafunsa ngati mu nyumba muli ma problem. Ine nati, madam, mwafika pa munthu woyenela, ndine nkhoswe! Ninabauza za chitseko cha ku bafa chija munaphwanya na nkhonya, na pamene Regina anabwela kugona kwathu na mwana. Koma ninaba-explainila bwino kuti tinakhala pansi, tinakamba, tinapemphela, vinasila. Ninati uyu ni mwamuna womvela malangizo."

Chawanangwa anathokoza, pakuti wamkulu sumutukwana, koma mumtima anali atamugubuduza kale pamasitepe. Ndipo mkuluyo analakwa chiyani? Nkhoswe mbiri yake ndi milandu imene anaithetsa. Kumufunsa ngati banja linakanganapo kuli ngati kufunsa mlimi ngati anakolola.

"Atani Bambo Mwila?" anafunsa Regina.

"Andiphera ufulu. Akauza apolisi za kachitseko kaja."

Regina anakatenga makapu.

Wapolisiyo anafika wopanda yunifolomu, mayi wamfupi wovala mpango kumutu, dzina lake Zeenat. Anavula nsapato pakhomo asanauzidwe, anakana tiyi mwaulemu, n'kukwera kukaona kabati. Anaikoka ndi manja awiri, anayang'ana mabawuti, anafunsa kumene makiyi azidzakhala ndiponso ngati Regina adzadziweko. Chawanangwa anayankha zonse ngati mwana wokhoza bwino m'kalasi: makiyi ndi chinsinsi cha mwini laisensi yekha, mfuti poyenda imakhala m'thumba lake yopanda zipolopolo. Mtima unayamba kukhala m'malo. Mwina mayiyu anaona kuti zija zinali zolongolola za nkhalamba.

Atakhala pabalaza, Zeenat anafunsa mofatsa, m'Chingerezi chake cha ku Leicester, kuti amuuze za chitseko cha kubafa.

Chawanangwa anafotokoza. Inali nthawi yoipa, ntchito inali itatha, mayi ake ankadwala ku Rumphi, iye ndi Regina anasemphana mawu. Anamenya thabwa, osati munthu. Ndi kalekale, ndipo kwawo nkhani ikapita kwa ankhoswe n'kuweruzidwa, imakhala yakwiriridwa. Zeenat anagwedeza mutu ngati akumvetsa, kenako anapempha kuti alankhule ndi Regina payekha. Anati amachita zimenezi m'nyumba iliyonse.

Choncho mwini nyumba anapezeka ali panja, atavala jekete koma kumapazi ali ndi masilipasi. Anakoka bini ya zinyalala kuibwezera pamalo pake. Anayenda mpaka pamalo okwerera basi, anawerenga nthawi za mabasi amene sankafuna kukwera, n'kubwerera. Anaima pafupi ndi windo la pabalaza, koma anachita manyazi poona mayi wachizungu woyandikana naye akumuyang'ana, ndiye anayerekeza kuyendera matayala a galimoto. Akukambirana chiyani nthawi yonseyi? Regina ndi wake, akudziwa mmene waivutikira mfutiyi. Sangamugwetse. Komabe anakumbukira kuti tsiku limene ankaboola khoma kuti amange kabati ija, Regina anatenga Dylan kupita kwa mnzake ku Oadby ndipo anabwera kutada. Iye ankayesa ankathawa phokoso la makina.

Chitseko chinatseguka. Zeenat anavala nsapato zake, anamugwira chanza, n'kunena kuti wogamula si iye, yankho lidzabwera. Nkhope yake sinaulule kanthu.

Chawanangwa anathamangira m'nyumba osavula n'jekete lomwe. Regina anali kukhitchini, akutsuka makapu amene sanamweremo munthu.

"Wati chiyani? Wakufunsa chiyani?"

"Anandifunsa ngati munandimenyapo."

"Ndiye?"

"Ndinati ayi, chifukwa n'zoona."

Chawanangwa anapumira m'mwamba, mpaka kuseka. "Ndimadziwa ine! Mkazi wanga ameneyo. Ndiye zatheka basi, Regi. Weekend yoyamba ndikutenga, ukayese nawe ku-shoota."

"Anandifunsanso lina."

"Lotani?"

"Ngati ndimakuopani mukakwiya. Ndiponso ngati ndingagone tulo mfuti ili m'nyumba muno."

Madzi ankangotuluka pampopi. Chawanangwa anadikira kuti mkazi wake aseke, anene kuti anamuyankha wapolisiyo kuti asiye zamasewera. Regina anatseka mpopi, anapukuta manja pang'onopang'ono, n'kutembenuka. M'maso mwake munalibe mkwiyo, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa mwamunayo.

"Koma nkhani ija inatha," anatero Chawanangwa, mawu akutuluka ang'onoang'ono. "Tinakambirana pamaso pa ankhoswe. Ndinapepesa. Chitseko ndinagula china."

"Munagula china, inde. Inu ndi Bambo Mwila mumakumbukira chitseko. Ine ndimakumbukira kuti ndinali kuseri kwake, nditakhala pansi, Dylan ali pamiyendo, ndikuona thabwa likung'ambika." Anapinda kansalu kaja n'kukaika pambali. "Pa bwalo lija munandifunsa nonse ngati ndakhululuka. Ndinakhululukadi. Koma ngati ndikuopa, wandifunsa lero ndi mlendo."

Chawanangwa anafuna kufunsa chimene Regina anamuyankha mlendoyo. Anatsegula pakamwa, n'kupeza kuti yankholo akulidziwa, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anakoka mpando n'kukhala pansi.