Madzi a M'ndowa ya Maluwa

Namwino anamupatsa kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, nati asachedwe panjira. Ponena zimenezo sanamuyang'ane m'maso, ndipo mayi wa mwanayo, amene palibe chinkamudutsa, anaziona. Khandalo linali ndi masabata asanu ndi awiri. Linkapuma ngati likukoka mpweya pa kabowo ka singano, tinthiti tikulowa m'kati.

Galimoto ya alamu ake itafika pageti la parishi, iye anagwira chitseko.

"Alamu, taimani kaye."

"Tiime? Mlamu, mwamva zimene wanena namwino uja?"

"Mphindi ziwiri zokha. Sanabatizidwe."

Anatsika ndi mwanayo galimoto isanaimitsitse.

Mwanayo anamulembetsa kuubatizo Lenti itangoyamba. Akatekisiti anati m'Lenti parishi siibatiza makanda, onse adikire Pasaka. Iye anavomera, kamalaya koyera anakasita n'kukasunga m'sutikesi. Lero linali Loweruka Loyera, Pasaka itafika kale pakhomo, koma chifuwa cha mwana sichidziwa kalendala.

Kunyumba ya ansembe anagogoda mpaka zala kuwawa. Wophika anasuzumira pawindo nati Bambo Mfumu apita kutchalitchi chakutali kukamvetsera olapa, abwera madzulo.

Anathamangira m'tchalitchi. Pakhomo dzanja lake linapita lokha pa kabeseni ka madzi odalitsidwa, zala n'kukanda mwala wouma. Anayesa ka mbali inayo. Gwaa. Anali ataiwala kuti madziwo amawachotsa Lachinayi Loyera, ena amadzadalitsa pa Misa ya Pasaka. Guwa linali lopanda nsalu, tabernakulo yosungiramo Ukaristia ili yasa, kanyali kofiira kali kozima. Munali ngati m'nyumba imene eni ake asamuka osatsanzika.

Kutsogolo amayi atatu ankakolopa, akazi a akatekisiti ali chogwada akudula mapesi a maluwa.

"Iwe, nsapato!" anakuwa mmodzi wa okolopawo. "Takolopa kuyambira m'mawa, misana yathayi si ya boma ayi."

"Madzi odalitsidwa, amayi. Ngakhale otsalira m'botolo. Ali kuti?"

"Lero? Mwana wanga, lero ngakhale Yesu ali m'manda."

Akazi a akatekisiti sanaseke. Anaimirira, navundukula shawelo, namvetsera kapumidweko. Milomo ya khandalo inali itayamba kuda.

"Mukupita naye kuchipatala?"

"Galimoto ili panja. Koma akandithera panjira, amayi, ndidzati chiyani? Ndinamvera lamulo ine. Ndinadikira."

Panja hutala inalira motalika.

"M'batize wekha."

"Ine? Si tchimo limenelo?"

"Tchimo lake liti? Imfa ikayandikira aliyense amabatiza, ndi madzi alionse. Abambo akunyumba amaphunzitsa zimenezi chaka ndi chaka, inu atsikana mumakhala mukuyang'ana anyamata a kwaya."

"Batizani inuyo, chonde. Manja angawa..."

"Ine ndigwira mutu. Fulumira."

Akazi a akatekisiti anakoka ndowa ya maluwa, nachotsa maluwawo n'kuwaponya pabenchi. M'madzimo munkayandama timasamba. Mayi wa mwanayo anawayang'ana, mtima ukukana. Madzi a pampopi enieni, oviikamo mapesi! Anali ataganizira tsiku limeneli kambirimbiri: makandulo, mabelu, kamalaya koyera, amuna ake atavala jekete yobwereka. Amuna akewo pano anali kuntchito, foni yawo ikungoitana.

Okolopa aja anasiya zokolopera, nagwada pasimenti yonyowa.

Mayiyo anatunga madzi ndi chikhatho. Onse anathera m'mipata ya zala asanafike pamutu wa mwana. Anatunganso, natchula dzina la woyera limene ankalisungira Pasaka. Kenaka mawu anamuthawa. Iye amene anawamva kuyambira ali wamng'ono, m'mutu munangoti zii.

"Ndikubatiza iwe," ananong'ona akazi a akatekisiti.

"Ndikubatiza iwe m'dzina la Atate..." Madzi anatsikira kukhutu. "Ndi la Mwana..." Anatunganso kachitatu. "Ndi la Mzimu Woyera."

Khandalo linakwinya nkhope, n'kutulutsa kakulira kochepa ngati ka mwana wa mphaka.

"Zakwana? Sindinalakwitse? Ndibwereze?"

"Sabwereza. Wabatizidwa ameneyu, ndaona ndi maso angawa. Ndikawauza abambo alembe m'buku. Tsopano thamanga!"

Anathamanga, nsapato zikusiya zidindo pamene anakolopa, ndipo palibe anadandaula.

Alamu ake anayamba kuyendetsa chitseko chisanatsekeke. "Mwawapeza ansembe?"

"Ayi."

"Ndiye taima pachabe?"

Mayiyo anachotsa katsamba kamene kanamatirira patsitsi lonyowa la mwana, nakafumbata. Kenaka anayandikiza khutu lake pa kamphuno kaja, akumuitana ndi dzina latsopanolo mobwerezabwereza.

"Puma, mwana wanga. Pumanso. Alamu, pondani ndithu."