Mafuta a Tithokoze

Clotilda sankapereka moni wa dzanja ngati anthu ena. Ankayamba wamugwira munthu chibwano, kumutembenuzira ku dzuwa, n'kumuyang'ana nkhope ngati akusankha nsomba. Akatero m'pamene ankati, "Mwadzuka bwanji? Koma mwada, mayi." Ankachita zimenezi ngakhale pamaliro. Mumsika wa Ngabu anali ndi benchi pafupi ndi ogulitsa kaunjika, pomwe ankagulitsa mafuta oyeretsa khungu, osakaniza yekha m'timabotolo topanda dzina. Mwini wakeyo nkhope inali itafiira ngati papaya wakupsa, koma makutu ndi mfundo za zala zinakana, zinatsala zakuda bii.

Maness, mkazi wa mchimwene wake Pedro, anagwidwa chibwano tsiku lomwe anafika pamudzipo kuchokera kwawo kwa Kasisi. Anachotsa dzanjalo anthu akuona. Kuyambira pamenepo awiriwa ankangolankhulana popemphana mchere ndi moto.

Mwana wa Maness ndi Pedro, Tithokoze, anabadwa wachialubino. Kuchigwa kuno dzuwa limapsereza ngakhale mbuzi, ndiye Maness sankachita masewera ndi khungu la mwana wake. Iye anawaona bambo Elias, achialubino, amene ankaluka mphasa kwa Kasisi. Chilonda chawo chinayamba ngati kachiphuphu pakhutu. Pomwe ankamwalira n'kuti chitadya tsaya lonse, akuyenda atadzikulunga nsalu kumaso.

Choncho m'mawa uliwonse ankamusambitsa mwanayo kumaso ndi sopo wosanunkhira ndi madzi ogonera mumtsuko, n'kumupukuta mongogunditsa nsalu, osakhula. Kenako mafuta a kuchipatala otchinga dzuwa: pachipumi, pamphuno, m'masaya, kuseri kwa makutu, pakhosi mpaka m'manja. Anali olimba, oyera ngati phala la mpunga, osanunkhira kanthu. Pamwamba pake chipewa chachikulu. Nthawi ya buleki Maness ankasiya ntchito n'kupita kusukulu kukamudzozanso, chifukwa thukuta limakhala litatsuka a m'mawa aja. Madzulo kusamba, vaselini pamilomo, basi. Mafuta ena alionse, kaya a m'sitolo kaya a azakhali ake, pankhope ya Tithokoze sankafikapo.

Mafutawo ankakawatenga kuchipatala cha kuboma ku Chikwawa, ulendo wa minibasi wodya tsiku lonse kupita ndi kubwera. Mwezi wina Pedro, yemwe ankakonza njinga pansi pa mtengo wa nimu kumsewu, ananena kuti akupita kuboma kukagula machubu, akatengeratu. Maness anathokoza. Unali ulendo woyamba kuti bamboyo adzipereke pa za khungu la mwana wake.

Botolo limene anabweretsa linali looneka ngati lakale, koma zam'kati zinali zamadzimadzi, zonunkhira maluwa.

"Asintha kampani," anatero Pedro. "Ndi mmene anandiuzira anamwino."

Unafika Okutobala. Tithokoze anayamba kubwera kusukulu nkhope itafiira, mphuno ikusupuka. Maness anawonjezera mafuta, ankapaka mpaka mwana kunyezimira. Sizinathandize. Pamwamba pa khutu lakumanzere panatuluka kachilonda, kankauma n'kutsegukanso. Chingwe cha chipewa chikakakhudza, mwana ankalumpha.

Tsiku la msika Maness anapita kukagula mlamba wouma. Akudutsa kuseri kwa kaunjika anamva mawu a Clotilda, okwera ngati a mlaliki.

"Bwerani, atsikana, bwerani muone! Izi si zosakaniza wamba ayi. Muli mafuta a alubino enieni, ochokera kuchipatala, botolo lake ndi ili. Mwana wa achimwene anga uja mumamudziwa, eti? Amadzola omwewa. Mwakuona kuyera kwake?"

"Ndiye ifenso tidzayera choncho?" anafunsa mtsikana wina wobereka mwana.

"Choncho ayi, iwenso! Ukufuna amuna ako akuthawe? Ndimangothiramo kasupuni, uyere mwaulemu."

Atsikanawo anaseka. Maness anadutsa pakati pawo, nanyamula botolo lomwe linali pabenchi, nalitsegula. Olimba, oyera, opanda fungo. Anali atatsala pang'ono kufika theka.

"Alamu, botolo ili mwalitenga kuti?"

"Ii, alamu, mwabwera kumsika osandiuza?" Clotilda anamwetulira, koma maso ali pa botolo. "Kafunseni amuna anu. Ine sindiba."

"Nanga mwana wanga akudzola chiyani?"

"Loshoni wabwinobwino, wa ku Tete. Wodula kuposa waulereyu. Muzithokoza."

"Mwanayo anabadwa woyera choncho. Mafutawa sayeretsa munthu, amangotchinga dzuwa. Simukudziwa?"

Clotilda anaweramira kwa iye n'kutsitsa mawu. "Inu mukudziwa, ine ndikudziwa. Awawa sakudziwa. Ndiye musakuwe, mundithawitsira makasitomala."

Anatambasula dzanja kuti alande botolo. Maness analilowetsa mu bulauzi n'kutembenukira kwa atsikana aja.

"Musanagule, tawayang'anani makutu."

Onse anayang'ana. Clotilda anakoka duku kuti abise, koma wobereka mwana uja anali atabweza kale kabotolo pabenchi.

"Mfiti iwe!" Clotilda anakuwa Maness akuchoka. "Unatiberekera chiyani pakhomo pathu? Bola tipezepo kanthu!"

Maness sanacheuke. Mlamba sanagule. Analunjika pa mtengo wa nimu, pomwe anapeza Pedro ataviika chubu mubeseni, akufuna pobooka. Mwini njinga, wakabaza wina, anali atakhala pa njerwa akudikira. Maness anatulutsa botolo n'kuliimika pafupi ndi beseni.

Pedro analiyang'ana, nabwezeranso maso m'madzi.

"Amake Thoko, za kunyumba tikakambe kunyumba."

"Loshoni uja munathira nokha m'botolo lakale kapena anakuthandizani?"

"Mafuta ndi mafuta. Mwana anapitapo kusukulu osadzola? Nkhabe, sizinachitikepo. Tsiku lililonse amadzola."

"Khutu lake mwaliona?"

"Ana onse amakhala ndi zilonda. Ine ndinakula nazo mpaka m'mutu, ndili pano."

"Inu si alubino, bambo a Thoko."

Wakabaza uja anaimirira n'kunena kuti akukagula madzi. Pedro anapukuta manja pa thalauza.

"Tamvera. Clotilda ndi mlongo wanga wamkulu, anandibereka kumbuyo amayi atamwalira. Akandipempha kanthu ndimukanize bwanji? Komanso si zaulere izi? Kuchipatala sizitha. Mwezi wamawa ndikatenga lina, tidzagawana pakati, iye theka, mwana theka. Ndamuuza kale, wavomera."

"Wavomera," anabwereza Maness.

"Eya. Poyamba ankafuna lonse."

Ananena izi akuoneka ngati munthu amene wamenyera mwana wake nkhondo n'kupambana. Maness anamuyang'ana nthawi yaitali. Pedro sanali woledzera, sanali wokwiya, ankangodikira kuti ayamikiridwe. Maness anatola botolo.

"Ukupita kuti? Usayambe zako zothawira kwanu zija," Pedro anatero kumbuyo kwake. "Kuno si kwa Kasisi. Ine ndinalowola, mwanayo ndi wa pakhomo pano."

Maness anapita kusukulu, anagogoda pa sitandade fili n'kupempha aphunzitsi kuti amutulutsire mwana. Anayenda naye m'mithunzi ya m'makonde mpaka kunyumba. Anamukhazika pa mpando, namusambitsa kumaso kawiri kuti fungo la maluwa lichoke, namudzoza mafuta enieni, akuzungulira kachilonda ndi nsonga ya chala.

"Awa ndi akale aja," anatero Tithokoze akununkhiza dzanja. "Ena aja amandiyabwa."

"Bwanji sunanene?"

"Ababa anati ndisakuvutitseni."

Maness anatseka botolo mwamphamvu mpaka chivindikiro chinalira.

Za malowolo ankazidziwa. Akuchimuna adzabwera kwa Kasisi ndi mikwingwirima, adzakhala pa mphasa n'kunena kuti mwana ndi wawo. Abwere. Adzawaonetsa khutu, ndipo adzawafunsa pamaso pa malume ake kuti theka la nkhope limene akufuna kulisiya padzuwa ndi liti. Kuchokera kwa Kasisi kupita kuchipatala cha kuboma ndi ulendo wa njinga, sadzatumanso munthu.

Anakoka chikwama pansi pa bedi n'kukung'untha fumbi. Anaikamo zitenje zake, diresi la kutchalitchi, yunifolomu ina ya mwana ndi malaya ake a manja aatali. Mapoto anawasiya, anagula ndi Pedro. Botolo analikulunga mu siketi n'kulikankhira pakati penipeni.

"Tikupita kwa agogo?" anafunsa Tithokoze.

"Tiyamba kwa adokotala, akaone khutulo lero lomwe. Vala nsapato."

Zipi inakana pakona. Maness anakhalira chikwamacho ndi bondo, nakoka mpaka inatseka.