Kadontho Kakakulu ka a Sakuji

A Hokari anamasula kagalasi kolozera kamene kanali pamwamba pa mfuti n'kukaika patebulo, pambali pa zofukiza za maliro. Mfutiyo inkapita kupolisi tsiku lomwelo, poti a Sakuji anali atamwalira ndipo m'nyumbamo munalibenso wina wa chiphaso cha mfuti.

"Aka apolisi sakafuna," anatero mkuluyo, amene anasaka nguluwe ndi malemuwo kuyambira unyamata. "Sunga iwe, Norihito. Mwina tsiku lina udzalowa m'malo mwa bambo ako."

"Ine? Ndimathawa ndi mphemvu zomwe," anayankha Norihito. "Ndabwera kudzatenga amayi basi. Kumzinda chipinda chilipo."

Amayi ake, a Fusae, ankapinda zovala za amuna awo. Sanadzutse mutu.

"Mpunga udakali m'munda."

"Mpunga wake uti, amayi? Theka lonse nguluwe zagonapo kale. Amene ankazithamangitsa ndi amene zawapha."

A Hokari anayatsa kagalasi kaja n'kusuzumira. Pakati pake panayaka kadontho kofiira kamene mlenje amaika pa nyama asanawombere. Kenako anakatembenuza n'kuwerenga nambala ya m'mbali.

"Sikisi," anatero chapansipansi. "Sakuji iwe, chitsiru iwe."

"Chavuta n'chiyani?"

"Nambalayi ndi kukula kwa kadontho. Ka 2, ukaloza chinthu chili pa mamita zana, kamaphimba malo ngati dzira. Ka 6 kamaphimba nkhope yonse ya munthu. Mtunda ukawirikiza, malo ophimbika nawo amawirikiza. Uli kutali sudziwa ngati waloza mtima kapena mwendo. Bambo ako ankatiseka nako ka 6 aka. Ankati n'ka nkhalamba zimene zimadikira nguluwe izinunkhize bondo."

"Nanga anakaguliranji?"

"Kakang'ono sankakaonanso, mwanawe."

Norihito anakumbukira zimene aliyense ankafunsa pamaliro: mlenje wodziwa chonchi analola bwanji nguluwe kufika pafupi chotero? Anayang'ana magalasi owerengera a bambo ake pawindo, ndi nyuzipepala zimene zinaunjikana osatsegulidwa.

"Akanangosiya," anatero.

"Asiye, atsale ndani?" anatero a Hokari. "Taona manja angawa mmene akunjenjemerera. M'chigwa chonse chino mlenje womaliza anali iyeyo. Akanaulula za maso, chiphaso chikanapita, minda yonse n'kupita nacho."

"Ndiye yapita ndithu."

A Hokari anatseka bokosi la mfuti.

"Amayi, inu munkadziwa?"

A Fusae anaimirira pang'onopang'ono, n'kukatenga chipewa pa msomali wa pakhomo. Chinali cha mtundu wa lalanje, chowala mopweteka maso.

"Chaka chatha anandigulira ichi. Anati chikundikhala, ndizivala nthawi zonse ndikamapita kumunda. Chikwatiraneni sananenepo kuti chovala chandikhala. Ine ndimati ukalamba wawafewetsa mtima." Anachisisita ndi chala. "Kani ankafuna azindisiyanitsa ndi tchire."

"Sitima ndi ya mawa m'mawa, amayi."

"Ndamva. Ndikangoona zimene zatsala."

Anavala chipewacho, anamanga chingwe chake pansi pa chibwano, n'kutsika kanjira ka kumunda. Norihito anaima pakhonde, kagalasi kali m'manja. Atafika amayi ake kumapeto kwa munda, anakakweza n'kusuzumira. Kadontho kanameza mutu wawo wonse.

Anakazimitsa. Kumunsiko chipewa chija chinkayenda chokha pakati pa mpunga wogwa, chikuwerama, chikudzuka, kudzutsa mapesi amene sakanaimanso.